A Yotamu ndi Boti la Pamtunda

Uthenga unabwera ndi mayi wina wogulitsa mchere pamsika wa Mitundu. Anati ku Nathenje aika maliro a nkhalamba yokonza njinga, ndipo pofuna kuti ndiidziwe anati, ija inkanena kuti inapangapo boti la injini kwanu kuno. Ananena akumwetulira, monga mmene timachitira pokumbuka bodza la munthu amene tinkamukonda. Sindinawatsutse. Ndinamanga mchere wanga pansalu n'kubwerera kumudzi, koma njira yonse ndinkamva fungo la phula ndi la utuchi wa mlombwa, chikhalirecho kunali fumbi lokhalokha.

Silinali bodza. Botilo ndinaliona likubadwa thabwa ndi thabwa, m'zaka zija Chitaganya chitangoyamba, kuno kumene kulibe nyanja ndipo mtsinje wake mwana amaudumpha m'chilimwe.

A Yotamu anali mkamwini pamudzi pathu. Anakwatira a Dorika, mng'ono wa agogo amene anandilera makolo anga atamwalira. Kwawo kunali ku Nathenje, koma monga mwa mwambo wathu anamanga kwa mkazi, analima munda wa mkazi, ndipo anakalambira pamenepo akutchedwabe mlendo. Anali wamtali, woonda, ndipo ankayenda atatalikitsa miyendo ngati nthaka ikuyendayenda pansi pawo. Mtengo uliwonse umene adutsa, kaya ndi chitseko, kaya mtondo, kaya goli la ng'ombe, ankaugogoda ndi chala n'kupendeketsa mutu kumvetsera. Pokhala pansi ankafulatira mudzi n'kuyang'ana kudambo. Ine ankanditchula kuti Namaso, poti sindinkayankhula koma ndinkangoyang'ana, ndipo ankati mwa akazi awo onse ine ndekha ndiye sindinawalalatirepo.

Nkhani ya boti imayambira kutali. Ali mnyamata ananyamuka wapansi ndi anzawo kupita ku Halale kukafuna ntchito, kudzera ku Dzalanyama ndi dziko la Apwitikizi. Ku Halale sanakafikeko. Atafika ku Tete anaona Zambezi, ndipo pamadzipo panali chombo chonyamula anthu ndi katundu, chikuguguda chokha popanda wopalasa. Anzawo anawoloka n'kupitirira. Iwo anawoloka, nabwerera nacho, nawolokanso, mpaka mwini chombo anatopa nawo n'kuwapatsa kansanza kuti azipukuta injini. Anakhala pamenepo zaka zingapo. Ankati pamtunda munthu amanyamula thupi lake, koma pamadzi thupi limanyamulidwa, ndipo amene walawa kunyamulidwa sakhalanso bwino. Ankanena izi popanda kudandaula, ngati munthu wofotokoza chilema chimene anachizolowera.

Chifukwa chimene anapangira boti sanachinene kamodzi. Wofunsa aliyense ankamupatsa chake. Kwa aphunzitsi anati n'lowolotsera odwala opita ku Nkhoma dambo likadzaza. Kwa anyamata anati n'losakira atsekwe. A Dorika ndiwo ananena zimene ine ndimakhulupirira. Tsiku lina akutongola chimanga ndi agogo, anati amuna awo akhala moyo wonse pa nthaka ya eni, ndipo akufuna kanthu kamodzi kokha kamene sikakhala panthaka. Anawonjeza kuti, "Asiyeni, akulu. Ena amamwa, awa amakhoma."

Agogo sanawasiye. Anthu awiriwa anali pachilamu, ndipo chilamu chawo chinali chaminga. M'mawa uliwonse agogo popita kuchitsime ankadzera pachisakasa chimene a Yotamu anamanga m'mphepete mwa dambo, ngakhale njira yachidule inalipo, n'cholinga choti akawafunse ngati bokosi la maliro lija latha. A Yotamu ankayankha kuti latsala pang'ono, akungodikira kuti alamu awo agonemo ayese utali. Agogo ankalavula n'kupitirira, koma ine amene ndinkawatsata pambuyo ndi kandowa ndinkaona mapewa awo akugwedezeka.

Matabwa anachokera ku mlombwa waukulu umene unali m'munda wa a Dorika. A Yotamu anaugwetsa mkazi wawo atavomera, nakumba dzenje, naucheka ndi sowo ya anthu awiri, wina pamwamba wina m'dzenjemo, utuchi wofiira ukuwathira kumutu. Matabwawo anawaimika pamthunzi chilimwe chonse kuti aume mosafulumira. Nthiti za boti anazifuna m'tchire, nthambi zokhota kale, chifukwa ankati mtengo woukakamiza kukhota umakumbukira n'kudzawongoka tsiku loipa. Pansi pa boti anapapanga pafulati poti dambo si lakuya. Misomali inali yozula m'mabokosi akale a kusitolo, yowongola umodziumodzi pamwala. M'mipata ya matabwa ankakhomeramo thonje ndi ulusi wa chiguduli, kenaka n'kuthira phula lotentha, ndipo fungo lake linkafika mpaka kumitondo.

Injini inali ya mpope wa madzi wa pa esiteti ina ya fodya, imene eni ake anaitaya kuseri kwa chigafa. A Yotamu anawakonzera madenga nyengo yathunthu kuti awapatse chitsulo chakufacho, ndipo chinabwera pangolo ngati mtembo. Anachimasula chonse n'kuyala tizitsulo pamphasa, kalikonse pamalo pake, ndipo nkhuku ikayandikira ankaiyankhula mwaulemu kuti ichoke. Chokankhira madzi anachipanga ndi makasu atatu otha ntchito. Anawatengera ku Mitundu kwa Che Saidi, Msilamu wokhoma ndowa amene anakulira kunyanja, kuti awapinde ngati mapiko n'kuwalumikiza kunsonga ya paipi. Che Saidi anagwira ntchitoyo akuseka. Anati kwawo amayamba aona madzi kenaka n'kusema bwato, koma Achewa mwina amayamba agula chipewa kenaka n'kumafuna mutu. Komabe Lachisanu lina atachoka kumzikiti anapalasa njinga mpaka kwathu kudzaona, nazungulira botilo akulisisita, ndipo sanasekenso.

Tsiku limene injini inalira koyamba, anali ataimangirira pachitsa. Inatsokomola, inalavula utsi wabuluu, kenaka inaphulika phokoso limene mudzi wathu unali usanamvepo. Mbuzi zinadula zingwe. A Yotamu anaima mu utsimo maso ali chitsekere, dzanja lili pachitsulo, ngati munthu wogwira mutu wa mwana amene anasochera. Agogo anati nkhuku zawo zinasiya kuikira sabata imeneyo ndipo mlandu wake sudzatha.

Mkangano waukulu wa agogo ndi a Yotamu unali wa madzi. Pofuna kudziwa pamene pakudontha, a Yotamu ankatunga madzi pachitsime n'kuthira m'botimo, kenaka n'kugona chagada pansi pake kuyang'ana madontho. Ankati polowera madzi mawa ndi pamene akutulukira lero. Uwu unali mwezi wotentha, chitsime chikuchucha pang'onopang'ono, amayi akudikirana ndi zikho. Agogo anawapeza ali chigonere, miyendo yokha ikuoneka, ndipo anawauza kuti dziko lonse anthu amaika boti m'madzi, koma iwo anawapezera mlamu woika madzi m'boti. Anawalanda ndowa. Patapita masiku ndinaona agogo akuthira m'botimo madzi amene anatsukira mbale, akuyang'ana kumbali ngati akungotaya.

China chimene anthu ankaseka ndi malo. Chisakasacho chinali kutali ndi madzi, paudzu wouma, pamene ng'ombe zinkadya. A Yotamu anasankha pamenepo atayenda m'mphepete mwa dambo kuyang'ana zinyalala zimene madzi osefukira amasiya m'mitengo. Pamene anapeza mapesi akale atakodwa m'nthambi kufika m'chiuno, anati ndi pano. Analikhazika botilo pamitengo iwiri yogoneka. Ankati madzi sawathamangira, amadziwa kwawo, ndipo chaka chabwino adzabwera okha kudzalitenga. Dzinja lina linadutsa madzi osafika. Linanso anafika pafupi n'kubwerera. Iwo sanasunthe boti ngakhale phazi limodzi.

A Dorika anamwalira mvula ikutha, chimanga chikuuma. Anali atadwala miyendo nthawi yaitali, ndipo masiku awo omaliza ankawanyamulira kuchisakasa kuti azikhala pampando wotsamira umene amuna awo anawakhomera pakati pa boti. Ankakhala pamenepo akusenda mtedza, boti lili pamtunda, udzu ukuweyuka mbali zonse, ndipo ankati akumva kale chizungulire cha ulendo.

Maliro atatha, a Lufeyo, mlongo wa agogo amene anali mwinimbumba, ananena zimene aliyense ankadziwa. Mkamwini mkazi wake akamwalira amadikira mowa wa kumeta kwachiwiri, kenaka amasudzulidwa n'kubwerera kwawo ndi zimene anabwera nazo. Ana amene akanawagwira pamudzi analibe. A Lufeyo sanali munthu woipa. Mlombwa uja ankausungira zitseko ndi mabokosi a maliro a akuluakulu, ndipo unagwa iwo osafunsidwa. Tsono anagamula kuti injini a Yotamu atenge, ndi yawo, koma chilichonse chimene chili panthaka ya mbumba chitsala. Matabwawo adzakhala ngolo ya fodya. Mowa anaupangira nthawi yokolola ikatha, kutatsala miyezi yambiri kuti mvula igwe.

A Yotamu anawomba m'manja mwaulemu, nati amva. Mawa lake anapita kuchisakasa monga mwa masiku onse kukapaka phula. Sanapemphe kanthu kwa munthu. Koma kugogoda mitengo kuja anasiya, ndipo madzulo dzuwa lisanalowe ankaima nthawi yaitali kuyang'ana kumwamba kumene kunalibe kamtambo.

Mowa wa maliro sufululidwa ndi munthu wamba. Unayenera agogo, monga mkulu wa malemu ndiponso mayi amene anasiya kale kubereka. Anaviika chimanga, anachifundika mpaka chinamera, nayanika chimeracho pamphasa kuseri kwa nyumba. Masana amenewo ndinali pakhonde. Ndinaona agogo akupita kukhola, natsegula, nabwerera kudzakhala pansi chofulatira. Mbuzi ndi nkhuku zinadya chimeracho mpaka kukhuta. Zitatha, agogo anadzuka n'kuyamba kukuwa, kuthamangitsa ziweto ndi chitsulo cha moto, kutukwana ana a eni osamanga mbuzi. Atatembenuka anapeza maso anga. Tinayang'anana. Anandituma kukatola nkhuni.

Chimera chachiwiri anachifundika chonyowa kwambiri ndipo chinachita chuku. Agogo anati mowa wa chimera chotero ungakwiyitse malemu. A Lufeyo anabwera atakwiya, nati anthu ayamba kufunsa ngati mbumba yawo yasauka mpaka kulephera kumeta maliro. Agogo anawayankha kuti ngati akufulumira avale nsalu afulule okha. Kenaka mbiya yaikulu inapezeka ndi mng'alu umene dzulo lake panalibe, ndipo woumba wake ankakhala kutsidya, ndipo dothi labwino linali lisanapezeke. Mwezi unatha, wina unatha. Anthu analowa m'minda kukagalauza. Mabingu anayamba kumveka ku Dzalanyama.

Nthawi yonseyi agogo sanasiye kudzera pachisakasa kukanyoza. Tsiku lina anawauza a Yotamu kuti asaganize kuti akuwachedwetsera dala, iwo akufunitsitsa mudzi upume phokoso. A Yotamu anati akudziwa, alamu awo anali ndi manja oipa pa mowa kuyambira kale. Anayankhula akuyang'ana thabwa, ndipo landa yopalira matabwa inaima m'manja mwawo kanthawi isanayambenso kuyenda.

Mvula ya chaka chimenecho inabwera mochedwa koma inabwera yonse. Khirisimasi itapita inagwa yamvumbi masiku otsatizana, ndipo dambo linayamba kuyera chapakati, kuyerako n'kumakula m'mawa uliwonse. Apo m'pamene chimera cha agogo chinamera bwino, chinauma pautsi m'khitchini, ndipo mowa unapsa wokoma kuposa wina uliwonse umene anthu ankaukumbukira.

A Yotamu anametedwa m'mawa kukuwaza. Ankhoswe a mbali zonse anakhala pabwalo, ndipo a Lufeyo anayankhula bwino, nathokoza alamu awo posunga mlongo wawo mpaka kumuika. Anati kuyambira lero ndi omasuka, apite kwawo, akafuna kukwatira akwatire. Anabwerezanso chigamulo chija. A Yotamu anakulunga mphasa yawo, naikamo nkhwangwa, kasemasema ndi bulangete, napempha kuti akamasule injini. A Lufeyo anali atamanga kale ng'ombe pagoli kuti zikakoke matabwa. Anthu onse anatsetserekera kudambo, ena atanyamula zipanda za mowa.

Udzu uja kunalibe. Kunali madzi kuchokera kumapazi athu mpaka kumitengo ya kutsidya, osalala, otuwa ngati kumwamba, moti akakowa ankaoneka ngati akuuluka pakati pa mitambo iwiri. Chisakasa chinali chitaima m'madzi. Pansi pake boti linali litadzuka pamitengo yake ija, likutembenuka pang'onopang'ono pachingwe, uku ndi uku, ngati ng'ombe yofuna kumasulidwa. A Yotamu anaima ndi mutu wawo wometa, madontho akutsetsereka m'khosi, milomo ikuyenda popanda mawu.

Woyamba kuyankhula anali agogo. "Lufeyo, tabwereza mawu ako aja anthu amve."

"Ndati za panthaka ya mbumba zitsala."

"Lowa ukagwire pansi pake. Ukapezapo nthaka, mangirira ng'ombe zako."

A Lufeyo anayang'ana mlongo wawo nthawi yaitali, ndipo ndikhulupirira kuti m'pamene anawerenga za mbuzi, za chuku ndi za mbiya. Anapinda buluku, nalowa m'madzi mpaka m'ntchafu, natenga ndodo yothamangitsira ng'ombe n'kuipititsa pansi pa boti. Inatulukira mbali ina osakhudza kanthu. Anaimirira akudontha, napukusa mutu, nati ng'ombe zawo sizinaphunzire kusambira. Ankhoswe a ku Nathenje anawomba m'manja, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Injini inakana kawiri, kachitatu inagwira. A Yotamu anabweretsa boti pafupi ndi mtunda, nayang'ana agogo. Agogo anati asawayang'ane choncho, iwo si mwana woti akwere zoseweretsa. Kenaka anakwinya nsalu, nalowa m'madzi, nati akungofuna aone ngati matabwa a mbumba yawo akudontha. Anakhala pampando wa mng'ono wawo, manja onse atagwira m'mbali.

Ine ndinatsala pamtunda. Ndinaona boti likuchoka, likung'amba madzi ngati lumo pansalu, mizere iwiri ikutambasuka pambuyo mpaka kudzafika kumapazi athu. Linadutsa pamwamba pa njira ya kuchitsime, pamwamba pa madimba, pamwamba pa malo amene ndinkatolapo bowa. Atsekwe anadzuka. Phokoso linachepa mpaka linakhala ngati kugunda kwa mtima, ndipo anthu awiri aja anasanduka kadontho pakati pa kuyera. Zimene anakambirana kumeneko sindikuzidziwa. Pobwera, agogo anali atasiya kugwira m'mbali. Dzanja limodzi linali m'madzi, likukokeka, ndipo nkhope yawo inali ya munthu amene sindinamuonepo, mtsikana.

Atatsika anakonza nsalu yawo, nati likudontha pang'ono kumbuyo.

"Ndamva, alamu. Ndikakonza."

"Mukakonzere kwanu. Pitani, madzi angakuthaweni."

Ndinawapatsira a Yotamu mphasa yawo. Anandigwira pamutu, nati, "Namaso, waona?" Ndinagwedeza mutu. Anati basi, ndiye kuti zachitika. Analoza boti kumene madzi a dambo amatsikira, chakum'mawa, ndipo tinaima mpaka phokoso linatha. Kenaka tinaimabe.

Tinamva pambuyo pake kuti sanafike nalo ku Nathenje. Kumene dambo limapanikizika n'kukhala mtsinje wa miyala, boti linakhala pamwala. Analisiyira anthu a mudzi wa pamenepo, amene analiwolokera ndi nsungwi madzinja angapo mpaka linawola, ndipo injini anaipititsa pangolo kwa mlongo wawo ku Nathenje. Kumeneko anakhala zaka zonsezi akumata machubu ndi kuwongola masipoko pansi pa mtengo. Sanapangenso lina. Kwathu sanabwerenso, poti wosudzulidwa sabwerera popanda chifukwa, ndipo pamaliro a agogo uthenga unawapeza mochedwa. Agogo nawo sanatchulenso dzina lawo. Kungoti mvula ikagwa yamvumbi, ankatuluka kukaima kuseri kwa nkhokwe, mutu utapendekeka, n'kubwerera kudzanena kuti amayang'ana nkhuku.

Nditachoka kumsika tsiku lija sindinalowe m'nyumba. Ndinatsetserekera kudambo. Masiku ano ndi madimba okhaokha, mipanda ya minga, mabedi a mpiru ndi tomato, ndipo madzi safikanso kumene ankafika. Denga la chisakasa linagwa kalekale. Koma nsanamira zake a Yotamu anazidula zaziwisi kunthambi za mlombwa womwe uja, ndipo zinayi mwa izo zinagwira nthaka n'kuphuka. Kwathu mkamwini sabzala mtengo, ndipo palibe anganene kuti iwo anabzala. Lero ndi mitengo yaitali, iwiri uku iwiri uko, nthambi zitakumana pamwamba. Mwini dimba la pafupi amalima mozungulira, akuti khasu limakana mizu. Pakati pake pamera kaudzu kafupi kosalala, malo aatali ndi opapatiza, okwana anthu awiri ndi injini. Ndinakhala m'mphepete mwake mpaka mthunzi unasuntha. Mphepo inkadutsa m'masamba, ndipo kuwala kunkagwedezeka paudzupo uku ndi uku, pang'onopang'ono.